Lonjezo logwirika kapena mawu okoka mtima?

Chipani chikamafuna mawu oti chilembe pa zikwangwani ndi pa malaya a kampeni, nthawi zambiri chimasankha pakati pa njira ziwiri.

Yoyamba ndi kulonjeza chinthu chimodzi chooneka. Mu 2019 chipani cha Conservative ku Britain chinkangobwereza mawu atatu, "Get Brexit Done", kuti nkhani yoti dzikolo lituluke mu European Union (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) ithe basi. Anthu anali atatopa ndi mkangano wa zaka zitatu, ndipo chipanicho chinapeza mipando 365 mwa 650 ya m'nyumba ya malamulo. Apa wovota amadziwa chimene akuvotera. Koma lonjezo lotere ndi ngongole: likalephereka, otsutsa amangokubwezera mawu ako omwewo pachisankho chotsatira.

Inayo ndi yokoka mtima, ngati "Yes We Can" ("Inde tingathe") ya Barack Obama ku America mu 2008. Imaimbika pamsonkhano, ndipo aliyense amaikamo zake, mlimi zake, wofuna ntchito zakenso. Palibe amene angakugwire nayo bodza. Komatu imafuna mtsogoleri amene anthu amukhulupirira kale, apo ayi imangomveka ngati phokoso.

Chipani chatsopano, kapena chimene anthu akuchikayikira, ine ndingachilangize njira yoyambayo, bola lonjezolo likhale loti chingalikwanitsedi.