Hereditary: Timvere Ounika Mafilimu Kapena Anthu Oonera?

Filimu yochititsa mantha ya Hereditary, imene anatsogolera Ari Aster, itaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu 2018, akatswiri ounika mafilimu anaiyamikira kwadzaoneni. Koma itafika m'nyumba zoonetsera kanema ku America mu June chaka chomwecho, anthu amene CinemaScore, kampani yofufuza maganizo a oonera mafilimu, inawafunsa potuluka anaipatsa D+, omwe ndi malikisi otsika kwambiri. Filimu ndi imodzi, maganizo kutalikirana chotere.

Ounika anakopeka ndi chisoni cha ofedwa. Annie, yemwe ndi Toni Collette m'filimuyi, waika mayi ake m'manda, posakhalitsa mwana wake wamkazi Charlie naye wamwalira pangozi. Pali nthawi ina banja lili patebulo usiku, aliyense ali duu, kumangomveka mafoloko pambale, mpaka Annie aphulika n'kumukhuthulira mwana wake wamwamuna mkwiyo wonse. Pamenepo palibe mzukwa, koma thupi limachita tsembwe. Kwa akatswiriwa, mantha enieni ali m'nyumba imene anthu akulozana chala mumtima pa imfa ya mwana.

Oonera ambiri anapita kukadzidzimutsidwa, kukuwa pang'ono, kenako n'kuseka ndi anzawo. Anapeza nkhani yoyenda pang'onopang'ono, yolemetsa mtima, yothera pa zamizimu zimene ena anaziona ngati zosokoneza.

Ine ndili mbali ya ounika, ngakhale mathero aja nanenso sanandikhutiritse. Komabe oonerawo sindingawanyoze. CinemaScore imafunsa anthu usiku woyamba woonetsa filimu, mtima ukadali m'mwamba, ndipo amene waferedwa chaposachedwa kulira kwa Annie kungamulase kuposa chiwanda chilichonse.