L'Étranger: Buku Lopyapyala la Mbiri Yolemera

Ndinagula buku la Albert Camus lotchedwa L'Étranger chifukwa cha kutchuka kwake, pakuti chilisindikizireni kampani ya Gallimard ku Paris mu 1942, anthu akhala akulitama kuti ndi nkhani ya munthu amene analolera kufa m'malo monama. Mu 1999, owerenga amene anafunsidwa ndi nyuzipepala ya Le Monde analiika patsogolo pa mabuku 100 opambana a zaka za m'ma 1900. N'lopyapyala moti munthu angalimalize madzulo amodzi, ndipo ziganizo zake ndi zazifupi ndiponso zosakometsera.

Meursault, mwininkhani wa bukuli, yemwe ndi kalaliki wa mumzinda wa Algiers ku Algeria, anapita ku Marengo kukaika mayi ake. Pochezera maliro sanagwetse msozi, koma anamwa khofi wamkaka ndi kusuta ndudu pambali pa bokosi, ndipo litangodutsa tsiku la maliro anakasambira kunyanja ndi Marie, mtsikana amene kale ankagwira naye ntchito, kenako n'kukaonera filimu yoseketsa ya Fernandel. Iye atawombera Mwarabu pagombe, kamodzi kenako kanayi, khoti linakakamira pa khofi ndi ndudu zija kuposa pa munthu wophedwayo. Apa ndi pamene luso la Camus likuonekera, chifukwa loya wake ankafuna kuti anene kuti chisoni anachibisa mumtima, woweruza wofufuza mlandu anaonetsa Meursault mtanda kuti alape, koma Meursault sanalole kunena zimene sanali kumva, monga mmene anayankhira Marie mosabisa atamufunsa ngati amamukonda.

Komabe zomutcha ngwazi ya choonadi ndikuziona kuti n'zokokomeza. Munthu yemweyu anathandiza Raymond, woyandikana naye nyumba, kulemba kalata yonyengerera chibwenzi cha Raymondyo kuti chibwere kudzachitidwa chipongwe, ndipo mkaziyo atamenyedwa, anakaikira Raymond kumbuyo kupolisi. Wophedwayo alibe ndi dzina lomwe m'buku lonse, ndipo mpata umenewu ndi umene Kamel Daoud wa ku Algeria anautseka mu 2013 ndi buku la Meursault, contre-enquête, momwe mng'ono wa malemuyo akutiuza kuti dzina lake linali Moussa.

Wofuna kuliwerenga m'Chingerezi ndingamulangize kumasulira kwa Matthew Ward kwa 1988, kumene kunasunga mawu a Chifalansa oti Maman (amayi) m'chiganizo choyamba, pamene kwa Stuart Gilbert kwa 1946 kunasalaza ziganizo zimene Camus anazisiya dala zili zokhakhala.