Jimu, msewu kapena pakhonde: kumene ndinataya ndalama ndi kumene mimba inaphwera

Chiyambire pamene lamba wanga anabwerera mabowo awiri, sipatha sabata popanda wina kundifunsa kuti ndikupita ku jimu iti. Kuntchito afunsa, kutchalitchi afunsa, ngakhale mlamu wanga amene kale ankandisisita pamimba n'kumati mwana abadwa liti. Ndatopa kubwereza, choncho ndalemba pano kamodzi. Ku jimu ndinasiya, ndipo ndinasiya ndi chakukhosi. Muziwerenga mukudziwa kuti wolembayu ali ndi mangawa.

Zinayambira ku kiliniki pakati pa chaka cha 2024. Anesi anandipima BP kawiri, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati ndibwerenso masiku ena. Ulendo uliwonse inkapitirira 140/90. Anandipatsa mankhwala, anandiletsa kuwaza mchere pa ndiwo zopsa kale, n'kundiuza kuti thupi liziyenda. Muyeso wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, kwa munthu wamkulu ndi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, za masewera oti ukupuma mofulumira koma ukutha kulankhula, kuyimba kokha n'kumene kukukanika. Pamwamba pake, masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 30 kasanu, basi. Funso linali lakuti mphindi zimenezi ndikazipeze kuti.

Ndinathamangira ku jimu, monga achitira aliyense amene wachita mantha ndipo malipiro angolowa kumene. Zabwino zake ndinena, kuti musati ndikunama. Zitsulo zonyamula n'zokwanira. Mvula siikupeza. Pamene Lusaka yense anali mumdima iwo ankaliza jenereta. Mphunzitsi wake anandiwongola msana ponyamula, ndipo zimene anandiphunzitsa ndikugwiritsabe ntchito. Vuto laling'ono linali msewu: kuchoka m'tauni 5 koloko madzulo, ola lathunthu linkathera mu mzere wa motoka ndisanadonthe thukuta n'limodzi lomwe.

Vuto lalikulu linali pepala limene ndinasayina nditaimirira pa kauntala, nyimbo zili gugugu, mtsikana wolandira alendo akundisonyeza ndi chala poika dzina. Kulipira mwezi ndi mwezi kunali kodula, koma ukasayina miyezi 12 mtengo unkatsika, iwo n'kumadula okha ku akaunti. Ndinadziona ngati wochenjera.

Mu Ogasiti chaka chomwecho tonse tinamuona Muzala Samukonga akutenga mendulo ya bronze pa mamita 400 ku Paris. Mnyamata wa zaka 21. Ine wa zaka 46, wolemera ngati matumba anayi a ufa, m'mawa mwake ndinakweza liwiro pa treadmill, makina aja othamangirapo pamalo amodzi, ndipo ndinayamba kuthamanga tsiku lililonse, nditavala nsapato za salaula zimene ndinagula ku msika wa Soweto chifukwa cha dzina lolembedwa m'mbali. Patatha masabata atatu, ndikutsika pabedi m'mawa, chidendene chakumanja chinandibaya ngati ndaponda msomali. Ndinafufuza pansi, panalibe kanthu. Ndikayenda pang'ono ululu unkachepa, ndikakhala pa desiki maola awiri n'kuimirira unkabweranso. Adokotala a fiziyo anangokanikiza chala pamalo amodzi ine n'kulumpha. Anati ndi plantar fasciitis: pansi pa phazi pali mtsempha wokhuthala wochokera ku chidendene kukafika ku zala, ndipo ukausenzetsa katundu wambiri mwadzidzidzi umakwiya pamene wagwira fupa. Anati kuchira kwake ndi miyezi, si masiku. Anandionetsa kukankha khoma mwendo umodzi uli kumbuyo kuti katumba atambasuke, ndi kugubuduza botolo la madzi oundana pansi pa phazi. Madzi oundana m'chaka chimene furiji inasanduka kabati! Anandichenjezanso kuti ndisamangomwa diclofenac kapena ibuprofen ngati mtedza, chifukwa mankhwala amenewa amatha kukweza BP ndi kuvutitsa impso.

Ndinapita ku jimu kuja ndikutsimphina, kukapempha kuti ayambe aimitsa kudula ndalama.

"Atate, kuimitsa kulipo," anatero mtsikana uja, "koma kuli ndi mtengo wake. Mubweretsenso kalata ya adokotala. Ndipo timaimitsa mwezi umodzi wokha."

"Nanga ndikafuna kusiyiratu?"

"Mutidziwitse mwezi wathunthu usanakwane, kenako mulipira gawo la miyezi yotsalayo. Zili pa tsamba lachitatu. Munasayina nokha, atate."

Ananena mwaulemu, ndipo mlandu sunali wake. Koma tsamba lachitatulo ndinaliona koyamba tsiku lomwelo, zilembo zake ngati nyerere. Kalata ya adokotala nayo inafuna ndalama. Mwezi woimitsa utatha, foni inayambanso kulira tsiku la malipiro kuti adula. Miyezi inayi ndinalipira malo amene sindinapondemo. Usiku wina amayi akunyumba anatenga cholembera, nagawa ndalama zonse ndi masiku amene ndinalowadi m'jimu muja. Sananene kanthu. Anangondisunthira pepalalo patebulo n'kupita kukagona.

Ndivomere chimodzi. Afiziyo anati njinga yapamalo amodzi ndingathe kupalasa, ndipo ku jimuko inaliko. Ndikanatha kumapitabe. Koma mtima unali utawawa, ndipo chitseko chija ndikachiona ndinkangoona tsamba lachitatu. Ndiye mukafuna jimu, funsani zinthu zitatu musanagwire cholembera: ndikadwala zikhala bwanji, ndikafuna kusiya ndilipira zingati, ndipo ndalama yolowera ndi ya kadi ili mkati mwa mtengo kapena ndi yapadera. Pepalalo mupite nalo kunyumba. Akakana, mwayankhidwa kale.

Makina akunyumba sinditaya nawo nthawi. Mlamu wanga anagula treadmill kwa munthu amene ankasamuka, chaka chomwe madzi anaphwa ku Kariba. Malaiti ankabwera pakati pa usiku n'kuthawa tambala asanalire, ndipo inverter yake inkangolira akayatsa mota ija. Lero ana amachitirapo masanje.

Ma aerobics a Loweruka, aja a pamalo oimika motoka ndi m'mabwalo a masukulu, ndimawakonda. Umalipira tsiku lomwelo, palibe chosayina, nyimbo zimakunyamula, ndipo mphindi zake zimawerengedwa ndithu. Koma kudumpha maola awiri pa simenti, sabata yonse unali pampando, maondo amadandaula, ndipo kuwawa kwa minofu kumene kumafika pachimake tsiku lachiwiri kumakupeza Lolemba pa masitepe a kuntchito. Mpira wa madala nawo ndi wokoma kuposa zonse, kungoti madala amalowa m'bwalo osatenthetsa thupi, mtima uli wa mnyamata koma mitsempha ya kuseri kwa ntchafu ili ya agogo. Ndipo zimene zimachitika mpira ukatha, pa mbaula ya nyama ndi mabotolo, zimabweza zonse ndi chiwongoladzanja.

Chimene chinandithandiza ndi msewu. Chidendene chitayamba kundilola, ndinayamba kuyenda, osati kuthamanga: mphindi 15, kenako 20, kuwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Tsopano tilipo anayi, timakumana 5 koloko m'mawa kuno ku Chilenje, kulowera cha ku Woodlands n'kubwerera, makilomita ngati asanu. Loweruka lina timapita ku Leopards Hill Road kumene kuli timapiri toyesa mapapo. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, motero ngakhale mu Okutobala m'mamawa mumakhala kamphepo. Mmodzi mwa ife ndi a neba, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo iwo ndiwo mankhwala enieni. Ndikachedwa amagogoda geti ndi mwala. "Mwana wanga, bulangeti silitsitsa BP." Ku jimu palibe anandiimbirapo foni nditajomba, kupatula uthenga wakuti adula ndalama.

Msewu uli ndi zake. Nthawi imeneyo kumakhala kudakali mdima, ngalande zina n'zosatseka, ndipo minibasi zoyamba zimathamangira anthu ngati zaona ndalama zikuyenda. Yendani mbali yakumanja kuti motoka yobwera muziiona, muvale chowala, foni musiye kunyumba kapena ikhale m'kati mwenimweni. Alongo anga, musayende nokha mumdima, pezani gulu. Juni ndi Julaye kuzizira kumaluma makutu. Kuyambira Ogasiti fumbi ndi utsi wa zinyalala zotenthedwa zimalowa pachifuwa, amene ali ndi mphumu asamale. Novembala akafika mvula yayamba, ndipo misewu ina ya m'komboni imasanduka madamu. Okhala cha ku Matero ndi Mandevu ali ndi mwayi, chifukwa OYDC, malo a masewera a achinyamata, ili pafupi nawo pa Great North Road, ndipo bwalo lothamangira ndi lofewa ku mapazi kuposa phula. Kwa ife akumwera kwa mzinda ndi ulendo wa minibasi ziwiri.

Ndalama yokha imene msewu umafuna ndi ya nsapato, ndipo apa musaumire. Nsapato yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita 500 mpaka 800, ngakhale pamwamba ikuonekabe yatsopano. Ya salaula simudziwa kuti mwini wake woyamba anayenda nayo mtunda wotani. Sindikuti musagule, ambiri a ife ndi kumene thumba limafika. Koma iikeni patebulo muone ngati yapendekera mbali imodzi. Kanikizani chala m'mbali mwa soli: ikakhala ndi makwinya ambiri ndipo siikubwerera, yatha. Ipotozeni ngati mukufinya chovala, ikalola mosavuta isiyeni. Yesani madzulo phazi litafufuma, mutavala sokosi, kutsogolo kutsale malo a chala chimodzi. Zanga zija ndinaziika patebulo nditavulala kale, ndipo yakumanja inapendekeka ngati nyumba ya m'dambo.

Masiku awiri a minofu ndimachitira pakhonde. Madzi lita imodzi ndi kilo imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 ndi makilo 5, cha malita 20 ndi makilo 20, ndipo zigubu m'nyumba za mu Lusaka sizisowa. Kunyamula, kukhala ndi kuimirira pampando osagwira, kukankha khoma, mphindi 20 zatha. Apa jimu imaposa, sindikana: wofuna minofu yooneka, zigubu zidzamuchepera msanga. Ine ndimangofuna kukwera masitepe osapumira pakati.

BP inatsika, koma mankhwala ndikumwabe, chifukwa woyenera kuwasintha ndi amene anawalemba. Ndipo kaya muli pa msewu kaya m'jimu, mukamva kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena befu wosagwirizana ndi liwiro lanu, imani mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezo si zolimbira mtima.

Mvula ikakula mu Januwale ndi Febuluwale ndimalowabe m'jimu, ina yaing'ono pafupi ndi kwathu, yolipira pakhomo tsiku limene wabwera. Pa tsiku ndi yodula, ndikudziwa, amayi akunyumba anawerengera kale. Koma palibe amene ali ndi nambala ya akaunti yanga. Kadi ya jimu yakale ija ndikadali nayo, imakhala pawindo la pakhonde. Ndi imene ndimapalira matope ku nsapato.