Kindle, Kobo kapena PocketBook: iti imalandira mabuku anu mosavuta?

Mukaika zipangizo zowerengera mabuku za Kindle, Kobo ndi PocketBook patebulo limodzi, simungazisiyanitse msanga. Zonse zili ndi galasi la E Ink losathobwa m'maso, ndipo batire lake limakhala milungu ingapo osatchaja. Kusiyana kumaonekera tsiku lomwe mwafuna kulowetsamo zinthu zimene simunagule kusitolo ya kampaniyo, monga buku laulere la pa webusaiti ya Project Gutenberg, buku lobwereka kulaibulale, kapena nyimbo zanu.

Pa nkhani ya chingwe cha USB, Kobo ilibe makani. Kampaniyi ndi ya ku Toronto, ndipo Rakuten ya ku Japan inaigula mu 2012. Mukalumikiza Kobo yanu ku kompyuta, imakufunsani pagalasi ngati mukuvomera. Mukadina "Connect" imaoneka ngati fulashi, dzina lake KOBOeReader. Mumangoponyamo fayilo ya buku ya mtundu wa EPUB kapena PDF, n'kuichotsa bwinobwino, ndipo pakamphindi bukulo lili pamndandanda. PocketBook ndi chimodzimodzi, komanso imatsegula mitundu ina yambiri monga FB2, DjVu ndi DOCX.

Kindle, yomwe ndi ya kampani ya Amazon, ndiye imafuna kuinyengerera. EPUB yolowetsa ndi chingwe siiona n'komwe, ngakhale fayiloyo ili m'foda ya "documents". Muyenera kuyamba mwaisintha kukhala AZW3, mtundu wa fayilo umene Kindle imawerenga, pogwiritsa ntchito Calibre, pulogalamu yaulere imene Kovid Goyal anaiyamba mu 2006. Apo ayi mudzere ku Send to Kindle, njira ya Amazon yotumizira mabuku ku Kindle kudzera pa intaneti, yomwe inayamba kulandira EPUB mu 2022. Njira imeneyi ndisainyoze, chifukwa ili ndi ubwino weniweni: mutha kutumiza buku kuchokera pafoni popanda kompyuta, ndipo tsamba lomwe mwalekezera pa Kindle mumalipezanso pafoni. Vuto lake ndi loti bukulo limayamba lapita kwa Amazon kenako n'kubwerera kwa inu, ndiye bandulo imadyedwa kawiri. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chakuti pa 26 February 2025 Amazon inatseka njira yotsitsira pakompyuta mabuku amene munthu wagula n'kuwasamutsa ndi chingwe. Amene alibe Wi-Fi panyumba ndi amene analira nazo, chifukwa tsopano ayenera kuyatsa hotspot nthawi iliyonse akagula buku.

Kulaibulale ndiye kuli nkhani yaikulu, makamaka kwa abale athu okhala ku Britain amene ali ndi khadi la laibulale ya m'dera lawo. Ambiri amamva kuti Libby, pulogalamu ya kampani ya OverDrive yobwerekera mabuku a kulaibulale, imatumiza mabuku obwereka ku Kindle. N'zoona, koma zimatheka ndi malaibulale a ku United States okha. Wokhala ku Leeds kapena Glasgow akagula Kindle ndi cholinga chimenechi, waononga ndalama. Kobo ili ndi OverDrive m'kati mwake momwe m'mayiko monga Britain, Canada, Australia ndi New Zealand. Mumalowetsa khadi lanu kamodzi, n'kumabwereka muli pa Kobo pomwepo, ndipo masiku akakwana bukulo limabwerera lokha, popanda chindapusa.

Koma si laibulale iliyonse imagwiritsa ntchito OverDrive. Zambiri ku Britain zili pa BorrowBox, pulogalamu ina yobwerekera mabuku, ndipo apa pamafunika kudekha. Mukabwereka buku mumalandira kafayilo kakang'ono kothera ndi .acsm. Kameneka si buku ayi, kali ngati risiti yokatengera katundu. Mukakaponya mu Kobo mmene kalilimo, palibe chichitike. Muyambe mwakatsegula pakompyuta ndi pulogalamu ya Adobe Digital Editions kuti buku lenilenilo litsike, kenako mulikokere ku Kobo muli m'pulogalamu yomweyo. Kompyuta ndi Kobo zonse zikhale zolembetsedwa pa akaunti imodzi ya Adobe, apo ayi chikuto chidzaoneka koma masamba adzakana kutseguka. Apa PocketBook yapambana mnzake, popeza imatsegula .acsm payokha ikakhala pa Wi-Fi, kompyuta osaifuna. Kindle yokha mabuku otsekedwa ndi loko wa Adobe siitsegula ngakhale mutatani.

Za nyimbo sizichedwa kukamba. Ma Kindle akale, monga Kindle Keyboard ya 2010 ndi Kindle Touch ya 2011, ankaimba MP3 mukaiika m'foda ya "music". Paperwhite itabwera mu 2012 zimenezo zinatha, ndipo Bluetooth ya ma Kindle atsopano ndi yomvera mabuku a Audible, sitolo ya Amazon ya mabuku omvera. Ma Kobo okhala ndi Bluetooth nawonso anawapangira mabuku omvera ogula kusitolo ya Kobo. Pa zitatuzi, PocketBook ndi imene inapangidwa kuti muikemo MP3 zanu n'kumamvera mukuwerenga, ndipo PocketBook Era ili ndi sipika yakeyake.

Ine ndimati Kindle isiyireni munthu amene mabuku ake onse amagula ku Amazon ndipo intaneti simusowa. Kwa iye ndi yabwino kwambiri. Amene mabuku ake ndi a kulaibulale ya OverDrive atenge Kobo. Koma ngati muli ndi mulu wa mafayilo osiyanasiyana pakompyuta ndiponso mumakonda kwaya ikuimba chapansipansi pamene mukuwerenga, pitani pa PocketBook, ndipo muonetsetse mtundu wake musanapereke ndalama: Verse Pro imaimba nyimbo, pamene Verse wamba siimba, ngakhale ili ndi polowetsa memori khadi.