Chaka ndi theka pa TV ya kebulo: tchanelo cha masewero chinazima, bilu osatsika

Bilu ya mwezi uno ndi imene yandikhazika pansi kuti ndilembenso. Nditangolumikiza TV ya kebulo kuno ku America ndinaiyamikira kwambiri, ndipo anzanga ena analumikiza chifukwa cha mawu anga. Patha chaka ndi theka, ndiye ndiyenera kuwauza zimene ndaona.

Zabwino zilipo ndithu. Dikoda sinavutepo. Chithunzi n'choyera, ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa sichidukaduka. Ndikakhala ku shifiti ya usiku gemu imajambulika yokha, ndimadzaonera m'mawa. Intaneti ya m'phukusi lomwelo imathamanga bwino. Ligi ya ku England, imene kuno ili m'manja mwa kampani ya TV ya NBC kuyambira 2013, ndimaipeza Loweruka m'mawa tiyi ali m'manja.

Vuto ndi limodzi, koma ladya mtima wanga. Mwana wanga wamwamuna amafera basketball, ndipo magemu ambiri a timu ya mzinda wathu amaonetsedwa pa tchanelo chimodzi cha masewero a m'dera lino. Tchanelo chimenecho ndi chimene chinandikokera ku kampaniyi. Madzulo ena pakati pa sizoni mnyamatayu anavala jezi yake, n'kukhala pa kapeti rimoti ili m'manja. Atadina nambala ya tchanelo panangotuluka chikwangwani cha buluu chonena kuti mgwirizano ndi eni tchanelocho watha, eniwo akufuna ndalama zochuluka, ndipo kampani ikumenyera ife makasitomala. Mwana anazimitsa dikoda n'kuiyatsanso, anazula waya n'kuubwezera, osatheka. Kenako anatembenuka n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Adadi, kodi simunalipire?" Funso limenelo linandibaya, chifukwa ndinali nditalipira zonse, tsiku lake lisanakwane n'komwe.

Usiku womwewo ndinatsegula tsamba la eni tchanelo pa foni. Nawonso anali ndi uthenga wawo: kampani yanu ya kebulo yakulandani timu yanu, aimbireni foni, kapena samukirani kwina. Mbali zonse ziwiri zinkafuna kuti ine ndikalipire mnzake m'malo mwawo.

Mkangano wake umayenda motere. Kampani ya kebulo imalipira eni tchanelo ndalama pa nyumba iliyonse yolumikizidwa, mwezi ndi mwezi, kaya nyumbayo imaonera masewero kapena ayi. Matchanelo a masewero ndiye okwera mtengo kuposa onse: mu 2023 ESPN yokha, tchanelo chachikulu cha masewero cha kampani ya Disney, inkawerengeredwa madola oposa 9 pa nyumba pamwezi. Eni matchanelo nawo amakhala atadzimangirira ku maligi. Mu 2024 NBA, ligi yaikulu ya basketball kuno, inagulitsa ufulu woonetsa magemu ake kwa Disney, NBC ndi Amazon pa madola pafupifupi 76 biliyoni kwa zaka 11. Ndalama zimenezo ziyenera kuchokera penapake, pamene mabanja ambirimbiri akudula kebulo chaka chilichonse. Otsalafe ndi amene timasenza katundu yense. Kontrakiti ikatha, eni tchanelo amakweza mtengo, kampani ya kebulo imakana, chithunzi chimazima. Ndipo makontrakiti ambiri amathera nthawi imene sizoni ikuyamba, pamene oonera sangapirire.

Si mzinda wathu wokha. Pa 31 August 2023 matchanelo a Disney, kuphatikizapo ESPN, anazima m'nyumba pafupifupi 15 miliyoni za makasitomala a kampani ya kebulo ya Charter Spectrum, mpikisano wa tenisi wa US Open uli mkati. Charter inanena kuti chaka chimenecho chokha inkayembekezera kulipira Disney madola oposa 2.2 biliyoni. Anagwirizana pa 11 September, kutangotsala maola ochepa kuti gemu yoyamba ya sizoni ya Monday Night Football (mpira wa chiamerika wa Lolemba usiku) iyambe. Chaka chotsatira, pa 1 September 2024, zinachitikanso pakati pa Disney ndi DirecTV, kampani ya TV ya satelayiti, kwa milungu pafupifupi iwiri. Koma ovutika zedi anali okonda timu ya baseball ya Dodgers ku Los Angeles: tchanelo cha timu yawo, SportsNet LA, chinayamba mu 2014, koma DirecTV inadzayamba kuchionetsa mu 2020. Zaka 6 munthu akumva zotsatira za timu ya kwawo pa wailesi.

Kwa ife mdimawo unatenga miyezi. Chimene chinanditentha mutu n'chakuti pa bilu pali mzere wapadera wa ndalama ya masewero a m'dera, yoonjezera pamwamba pa mtengo wa phukusi, ndipo mwezi wotsatira mzerewo unali pomwepo. Zili ngati minibasi yakutsitsa panjira koma kondakitala akukakamira ndalama ya ulendo wonse. Ndinaimba foni. Nditadikira nthawi yaitali anayankha mayi waulemu kwambiri, ndipo sindinamukalipire, chifukwa si iye amasainira makontrakiti. Ndinati, "Mayi, ndikulipirira chiyani pa mzere uwu poti tchanelocho kulibe?" Iye anati, "Bambo, pepani, mgwirizano umene munasaina umatilola kusintha matchanelo nthawi iliyonse." Ndinakatenga pepalalo m'kabati, ndipo mawuwo analimodi, a timalemba ting'onoting'ono kumapeto. Nditafunsa zochoka, anandikumbutsa kuti ndikadula kontrakiti isanathe pali chindapusa. Pamapeto pake anandichotsera kangachepe pa bilu, koma nditachita kupempha. Mnzanga wa kuntchito amene sanaimbe foni anadikira nthawi yaitali asanaone kusintha kulikonse pa bilu yake.

M'miyezi imeneyo ndinapeza kanthu kamene kananditonthoza. Ndinagula antena yaing'ono yomata pawindo, ya mtengo wosafika pa bilu ya sabata imodzi, ndipo ndinadabwa kuti ABC, CBS, NBC ndi Fox zimagwira mwaulere (amenewa ndi matchanelo akuluakulu a dziko lonse), chithunzi chake choyera ngati cha kebulo. Magemu akuluakulu a Lamlungu a NFL, ligi ya mpira wa chiamerika, ali pamenepo. Sinabwezeretse magemu a timu ya mwana wanga, koma inandionetsa kuti zambiri zimene ndinkaganiza kuti ndikugula zimauluka mumlengalenga popanda kulipira.

Kenako tchanelo chinabwerera. Tsiku limenelo ndinasangalala kwenikweni, ine ndi mwana tinakuwa mpaka mayi ake anatiletsa, ndipo ndikanalemba usiku umenewo ndikanati kampaniyi ndi yabwino. Koma chinabwerera m'phukusi lapamwamba, osati limene ndinali nalo. Kuti tichione ndinayenera kukwera phukusi, kuonjezera madola pafupifupi 20 pamwezi. Makampani awiriwo anagwirana chanza, aliyense n'kulengeza kuti wapambanira oonera, ndipo ndalama ya chigwirizano chawo inatuluka m'thumba mwanga. Ndinalipira chifukwa sizoni inali ikupita kumapeto, ndipo sindinafune kuonanso nkhope imene mwana anaonetsa tsiku lija.

Ena amandiuza kuti ndingosamukira pa TV ya pa intaneti. Ndaganizirapo, koma kumeneko nthendayi inafikanso. Kumapeto kwa October 2025 ESPN ndi ABC zinazima pa YouTube TV kwa milungu iwiri pa mkangano womwewu wa ndalama, makasitomala n'kupatsidwa madola 20 opepesera. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kulibe kontrakiti yokumanga chaka chonse. Tchanelo chikazima lero, mwezi wamawa umachoka. Ufulu umenewo ndi umene ndikuusirira, osati chithunzi kapena kuchuluka kwa matchanelo.

Tsopano bilu ya mwezi uno yabwera mtengo wotsitsa wa makasitomala atsopano utatha, phukusi lapamwamba lili pomwepo, mzere wa masewero a m'dera wakweranso pang'ono. Ndikulipira ndalama yoposa kwambiri imene wogulitsa anandilonjeza pakhomo. Amene muli ndi timu ya m'dera imene simungagone osaionera, musanasaine funsani kuti tchanelo chake chili m'phukusi liti, kontrakiti yake ndi eni tchanelo itha liti, ndipo chikazima akubwezerani zingati. Yankho alembe papepala. Ineyo kontrakiti yanga ikutha sizoni ino ikatha. Ndiwaimbira, ndipo akapanda kutsitsa mtengo ndi kulemba kuti mwezi umene tchanelo chazima sindilipira mzere umenewo, dikoda ndikabweza, nditsale ndi intaneti ndi antena.