Wotchi ya phwetekere, kope, kapena mlamu wokufunsa: njira zitatu zothana ndi "ndisoka mawa"

Ndine telala. Ndimasokera kuseri kwa nyumba ku Highfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, chakufupi ndi masitolo a Machipisa, ndipo makina anga aphazi ndi amene anasiya agogo aamuna. Iwo anabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo ankakonda kunena kuti telala saphedwa ndi njala, amaphedwa ndi lonjezo. Ine lonjezo landipha kambirimbiri. Nsalu ya munthu imagona m'thumba milungu iwiri, ine ndili kusesa, kusankhula mabatani m'chitini, kuwerenga mauthenga pa WhatsApp, mpaka mwini wake ataima pakhomo. Ndiye ndinayesa njira zitatu zothana ndi kuzengereza zimene anthu amazitama, iliyonse kwa milungu ingapo, kuti ndione yondiyenera.

Poyamba ndinene chimene ndinkayeza. Sindinkafuna njira yondigwiritsa ntchito yambiri, chifukwa manja anga sakhala chete. Vuto langa ndi ntchito imodzi imene ndimaizungulira ngati galu woona njoka: kudula nsalu yokwera mtengo. Sizasi ikalowa sibwerera, ndipo ukalakwitsa jekete la ukwati umalipira wekha. Akatswiri awiri a za maganizo, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl, analemba mu 2013 kuti wozengereza sathawa ntchito yeniyeniyo ayi, amathawa kusowa mtendere kumene ntchitoyo imabweretsa mumtima, kaya ndi mantha, kaya kunyong'onyeka. Nditamva zimenezo ndinadziona ndekha. Choncho funso langa pa njira iliyonse linali limodzi: kodi yandifikitsa poika sizasi pansalu?

Njira yoyamba ndi ya Pomodoro. Anaiyambitsa ndi Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ali wophunzira, pogwiritsa ntchito kawotchi kakukhitchini kooneka ngati phwetekere, ndipo dzinalo m'chinenero chawo limatanthauza phwetekere yemweyo. Umagwira ntchito imodzi mphindi 25, kupuma mphindi 5, ndipo ukatero kanayi umapuma kotalikirapo, mphindi 15 kufika 30. Ubwino wake ndi woti mphindi 25 sizioopsa. Munthu amene akuopa jekete lonse sangaope mphindi 25.

Koma pamalo anga ogwirira ntchito inagwa msanga. Kawotchi kaphwetekere ndilibe, ndiye ndinkatchera foni, ndipo foni ndiye mdani amene ndinkamuthawayo. Potchera wotchi ndaona uthenga, poyankha uthenga ndaona kanema. Ndinaikamo pulogalamu yotchedwa Forest, imene imameretsa kamtengo pafoni ukaisiya osaigwira, n'kukafota ukatulukamo nthawi isanakwane. Masiku oyamba ndinkachita manyazi kupha kamtengoko, koma pofika mlungu wachiwiri ndinali nditadula nkhalango yonse popanda chisoni. Chinanso, lamulo la njirayi limati ukasokonezedwa pakati, mphindi zimenezo zafa, uyambirenso. Nanga kasitomala akabwera kudzayezetsa ndimuuze kuti adikire belu? Msoko nawo sudziwa belu. Ukaimira pakati pa kolala, pobwerera dzanja lasintha. Imene Pomodoro inandithandiza ndi ntchito yotopetsa koma yosaopsa: kupinda masiketi a yunifolomu, kuika mabatani, ndi kulemba za ndalama zolowa ndi zotuluka. Kwa mwana wasukulu amene akuwerengera mayeso m'chipinda chotseka ndikhoza kuilimbikitsa. Kwa ine sizasi sinalowe.

Njira yachiwiri ndi kope wamba la ana asukulu. Usiku usanagone umalemba ntchito zitatu za mawa, yovuta kwambiri pamwamba, ndipo kukacha umayamba ndi yapamwambayo. Kope silifuna kutchaja, silifuna bandulo, silikuitanira kanema. Koma lili ndi chinyengo chake. Ndinkalemba ntchito zisanu ndi ziwiri m'malo mwa zitatu, zina zoti ndachita kale, kuti ndimve kukoma kozikhwatcha. Jekete lija linkangosamuka tsamba ndi tsamba ngati mlendo wosatsanzika. Ndiye ndinayamba kulemba nthawi: 8 koloko kudula, 10 koloko kusoka, 2 koloko kusita. Apa mpamene ndinagundana ndi chimene aliyense wa mu Harare akuchidziwa, chakuti ndandanda ya tsiku salemba ndi mwini tsiku, amalemba ndi magetsi. Kumbukirani kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku damu la Kariba, magetsi ankabwera anthu atagona n'kuzima kusanache. Ngakhale masiku amene zinthu zili bwinoko, sungalumbire kuti 10 koloko makina amagetsi ayenda. Ndipo wozengereza akapeza chifukwa chomveka ngati chimenecho, tsiku lonse amalipereka nsembe. Magetsi azima, basi tionana mawa.

Chimene chinapulumutsa kope ndi nzeru ya katswiri wina wa ku Germany, Peter Gollwitzer, amene mu 1999 anafotokoza kuti cholinga chimagwira bwino ukachimangirira ku chochitika: chakuti chikachitika, ndichita chakuti. Osati "ndidzadula jekete", komanso osati "8 koloko", koma "ndikangotsuka kapu ya tiyi, ndiyala nsalu patebulo ndi kujambula ndi choko". Ndinagawa tsamba pakati ndi mzere. Kumanzere ndinalemba "magetsi akakhalapo": makina omangira m'mphepete mwa nsalu, kusita, kutchaja foni. Kumanja "magetsi akazima": kuyeza, kujambula, kudula, makina aphazi a agogo, simbi yamakala. Taonani pamene kudula kunagwera. Ntchito imene ndinkaiopa sifuna magetsi ngakhale pang'ono, imangofuna kuwala kwa dzuwa ndi tebulo. Kuzima kwa magetsi kumene kunali pobisalira panga kunasanduka belu londiitanira ku sizasi. Zaka zonsezi ndinkati magetsi akundichedwetsa, chonsecho mdimawo ndinkaufuna ndine.

Mawuwo "kuyala ndi kujambula" ndinawasankha dala. Sindinalembe "kudula". Kuyala nsalu sikuopsa, choko chimafufutika. Koma nsalu ikayalidwa, mizere itajambulidwa, sizasi ili pambali, dzanja limapitiriza lokha. Pa lamulo lina la David Allen, wolemba mabuku a kayendetsedwe ka ntchito, loti kantchito kosapitirira mphindi ziwiri ukachite pomwepo, sindinena zambiri. Ndi labwino poyankha kasitomala kapena kusokerera batani limodzi, koma munthu ngati ine akhoza kudzaza tsiku lonse ndi tintchito ta mphindi ziwiri, jekete lili phee m'thumba.

Njira yachitatu ndi munthu. Mlamu wanga amagulitsa masamba ndi tomato ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, ndipo amadzuka nkhuku zisanalire kuti akapeze katundu wabwino kwa alimi. Iye kuzengereza sakudziwa, chifukwa tomato sadikira. Tinapangana kuti madzulo aliwonse ndizimutumizira chithunzi cha ntchito imene ndinalonjeza m'mawa, ndipo ndikalephera ndimulipirira kombi (minibasi) ya tsiku lotsatira. Ndalamayo ndi yochepa, choluma ndi uthenga wake: "Alamu, zija zili pati?" Palibe pulogalamu ya pafoni imene ili ndi mawu olasa chotero. Kamtengo ka Forest kakafota palibe amene amadziwa, koma mlamu akadziwa, pofika Lamlungu kutchalitchi akuyang'ana ndi diso lija.

Pa mphamvu yokha, njira imeneyi inaposa zinzake. Koma ili ndi mtengo umene anthu oitama sautchula. Choyamba, umayamba kuthawa munthuyo monga unkathawira ntchito. Tsiku lina ndinamutumizira chithunzi cha siketi imene ndinasoka mwezi wathawo. Anayankha kuti, "Alamu, ulusi wofiirawu munati unatha." Ndinalipira kombi masiku awiri, lachiwirilo la bodza. Chachiwiri, munthu amatopa. Ali ndi mavuto ake, tsiku lina katundu wamuwolera, sangakhale kapitawo wako chaka chonse. Chachitatu, muyenera kusankha bwino. Mnzanu wachifundo amene aziti "musadandaule, mawa kuliko" akuwonjezerani matenda, ndipo wolongolola akakufalitsani pamsika. Mwamuna kapena mkazi wanu musamuyese n'komwe, chifukwa nkhani ya jekete idzalowa m'nkhani ya lendi.

Ndikaziika pamodzi, Pomodoro imadalira wotchi ndi chitseko chotseka, zinthu ziwiri zimene ambiri ogwira ntchito zamanja kuno tilibe. Mlamu amadalira manyazi, ndipo manyazi amagwira msanga koma sakhalitsa. Kope lokhala ndi mzere pakati ndi lofooka poyamba, palibe amene amakukalipira ukalinyalanyaza, koma ndi lokhalo limene limagwirizana ndi mmene tsiku la mu Harare limayendera. Wogwira ntchito mu ofesi ya m'tauni yokhala ndi sola kapena jenereta mwina aona mosiyana, ndipo sindingamutsutse.

Chimene ndikanakonda kudziwa poyamba ndi kutalika kwa ulendo. Anthu amati chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21, ndipo ine nditafika tsiku la 22 ndikuvutikabe ndinayesa kuti ndine wolephera. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, wa anthu 96, anapeza kuti pakatikati pamatenga masiku 66, ena 18 okha, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa zonse. Ichi chinandimasula, chifukwa kale ndikaphonya Lachiwiri ndinkati mlungu wawonongeka, tiyambe Lolemba. Choncho mlamu ndinamugwiritsa ntchito ngati ndodo ya miyezi iwiri yoyambayo, pamene kope linali lisanazike mizu. Tsopano ndimamutumizira chithunzi Lachisanu lokha, kapena pakakhala ntchito yaikulu ngati mayunifolomu a Januwale.

Sikuti ndachira. M'thumba muli diresi la amayi ena achikulire a kumpingo kwathu, nsalu yoterera imene anatumiziridwa ndi mwana wawo wa ku Johannesburg, ndipo lasamuka kale masamba anayi. Dzulo anandiimitsa panjira n'kuti, "Mwanangu, kodi ndidzavala ndili moyo?" Usiku ndinalilemba kumanja kwa mzere, pamwamba penipeni. Pamene ndikulemba izi firiji ya anansi yangosiya kulira, kutanthauza kuti magetsi apita. Choko chili m'thumba la malaya, tebulo ndapukuta kale.