Rebel Inc, gemu ya nkhondo yomwe umaluza chifukwa cha katangale

Amene mukufuna gemu yowomberana phwaa phwaa iyi si yanu ayi. Mu Rebel Inc mfuti suigwira nkomwe, umangoona mapu a dera lomwe langotuluka kumene mu nkhondo, iweyo ndiwe gavanala, akupatsa kabajeti kochepa nkukuuza kuti konza zinthu anthu akukhulupirire zigawenga zisanadzukenso. Anapanga ndi a Ndemic Creations a ku UK, omwe aja a gemu ya mliri ya Plague Inc, inayamba kutuluka pa iPhone kumapeto kwa 2018 kenako pa Android mu 2019, ndipo eni akewo sabisa kuti nzeru zambiri anazitenga pa zomwe zinkachitika ku Afghanistan.

Chinandikopa ine nchoti asilikali enieni ali ndi yawo yofananako. Ku America kuli ina yotchedwa UrbanSim, anaipanga a Institute for Creative Technologies a pa University of Southern California, malo omwe anatsegulidwa mu 1999 ndi ndalama za gulu la nkhondo la dzikolo. Mmenemo wophunzira amakhala mkulu wa asilikali mu mzinda wongopeka wa ku Iraq wotchedwa Al-Hamra, ndipo mutu umazungulira pa zoti lero tikonze magetsi, kapena tikacheze ndi mtsogoleri wa fuko lakuti, kapena tikachite chipikisheni nyumba ndi nyumba, pomwe gulu lililonse mumzindamo lili ndi zofuna zake, ukasangalatsa awa wakwiyitsa awo. Ankaphunzitsira maofesala ku kampu ya asilikali ya Fort Leavenworth. Mwachidule ndi SimCity, gemu ija yomanga ndi kuyendetsa mzinda, koma ya anthu ovala yunifomu. Imeneyo ife anthu wamba sitingaipeze pa Play Store, ndiye Rebel Inc ndi imene yayandikirako.

Kaseweredwe kake nkotere. Ndalama zimalowa pang'onopang'ono ndipo umasankha kuti zipite kuti, ku madzi, zipatala, masukulu, ulimi, misewu, magetsi, apolisi kapena asilikali. Pamwamba pa sikirini pali nambala ya reputation, kutanthauza mmene akukuonera, ikafika pa 0 basi ntchito yatha nyamula katundu. Poyamba munthu umasangalala, ndalama ikangolowa wadina chipatala wadina msewu, koma apa ndi pamene gemuyi imaluma. Pulojekiti iliyonse yomwe wavomereza imabwera ndi katangale wake, ndipo ukagula zambiri nthawi imodzi mitengo imakwera, chinthu chomwe chinali chotchipa mwezi watha pano chadula. Kamzere ka katangale kaja kamangokwera mwakachetechete iwe uli bize kuyang'ana mapu, ukadzati uone reputation ikutsika yokha palibe ndi mfuti yomwe yalira. Ndiye umakakamizika kuthira ndalama ku zolimbana ndi ziphuphu, zinthu zosaoneka pa mapu, zosasangalatsa, koma ukazinyalanyaza suchedwa kugwa. Mbali imeneyi anaiganizira bwino kwambiri aise, ndi imene imandipangitsa kuti ndibwerereko.

Zigawenga zikatulukira, kawirikawiri zimayambira kumapiri ndi kumadera akutali komwe chitukuko chako sichinafike, mapu amayamba kufiira. Uli ndi asilikali amitundu iwiri. Akunja amabwera msanga ndipo ndi amphamvu, koma pakapita nthawi pamatuluka uthenga woti nthawi yawo yatha akufuna kwawo, ukawakakamiza kuti akhalebe reputation imadulidwa. Amdziko momwemo amatenga nthawi kuwaphunzitsa, poyamba ndi ofooka, komanso nawo amawonjezera katangale, koma awa sachoka. Ndiye masamu onse ali pa kugwiritsa ntchito akunja aja kugula nthawi uku ukukonza ako. Komanso kumenya zigawenga sikuti ndi kuzithetsa, ukazigonjetsa dera lino zimathawira dera loyandikana, kuli ngati kuthamangitsa nkhuku pabwalo lopanda mpanda, pokhapokha utazitsekera mbali zonse ndi asilikali kapena makampu ndi pamene zimatheratu. Ndege zoponya mabomba ziliko, zimathandiza, mpaka tsiku lomwe bomba lagwera anthu wamba ndipo gemu ikukufunsa kuti tivomere kapena tibise. Pamenepo chala chimaima kaye mmalere.

Kumapeto pamabwera zokambirana za mtendere, nazonso ukalolera zambiri anthu ako omwe amakutenga wofooka.

Tsono zomwe sizinandisangalatse. Ukaisewera kwa kanthawi umazindikira kuti ili ndi fomula, yamba ndi ichi, kenako ichi, katangale mugwire msanga, misewu isachedwe, zigawenga zipanikizire pakona, basi wapambana. Ngakhale usinthe gavanala, utenge General kapena Economist kapena Smuggler, kapena usinthe mapu kuchoka ku Saffron Fields kupita ku Mountain Pass, mafupa ake ndi omwewo, pa levo yovuta ya Brutal amangokupanikiza kwambiri. Anthu a mderalo suwaona nkhope, ndi manambala chabe oti awa akukukonda awa sakukufuna, ukawapatsa madzi nambala imakwera ngati kuti mtima wa munthu umagulidwa ndi mpopi. Za chipembedzo, maliro a mwana amene anaphedwa pa rodibuloko, udani wa mafuko womwe unayamba agogo asanabadwe, zonsezi gemu imangozilambalala. Ndipo ndikuona kuti vuto lomweli lingagwire ngakhale magemu ophunzitsira asilikali aja, chifukwa kompyuta imayankha motengera zomwe wolemba pulogalamuyo amakhulupirira. Ngati iye anaika kuti kukonza magetsi kumabweretsa chikondi, ofesala aphunzira zomwezo nkupita nazo kumzinda weniweni. Pa foni Afghanistan wongoyerekezayu umamukhazikitsa pasanathe ola, pomwe weniweni America ndi anzake anakhalako zaka pafupifupi 20 kuyambira 2001, ndipo pa 15 August 2021 a Taliban analowa mu Kabul.

Komabe pa magemu a pafoni omwe amakuganizitsa, iyi ili pamwamba. Siifuna foni yamphamvu, zojambula zake nzosavuta, koma ili mchizungu chambiri chowerenga ndiye amene amangodina osawerenga aona ngati ikuwabera. Ya Android umatha kuyamba ulere koma zina anatsekera kuti ulipire, zomwe zimatopetsa pang'ono. Amene muli ndi kompyuta pali Rebel Inc: Escalation pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imeneyo mutha kusewera awiri, mothandizana kapena mopikisana. Ine ndaipatsa 4 pa 5. Oyamba kumene yambirani pa levo yosavuta ya Casual ndi gavanala Civil Servant, ndipo musathamangire kugula asilikali zigawenga zisanaoneke, ndalamazo ziyambe zagwira ntchito ku misewu ndi ku katangale.